Galimoto Nayonso Imadwala: Mukafika kwa Makaniko Mumanena Chiyani?

Mwina mukudabwa kupeza nkhani ya galimoto m'kalata ya zaumoyo. Musafulumire kutembenuza tsamba. Tangoganizirani za m'mudzi mwanu momwemo. Mayi woyembekezera akayamba kutaya magazi pakati pa usiku, kapena mwana akakomoka ndi malungo, munthu woyamba kugogoderedwa pakhomo si dokotala ayi. Ndi mwini Hilux yakale ija imene masana imatuta chimanga ndi fodya, kapena mnyamata wa njinga yamoto. Kuno ku Chiputo ambulansi yathu yoyamba ndi imeneyo. Ngati galimotoyo ikafike kapena ifere panjira, zimakhala kuti zinagamulidwa kale masiku a m'mbuyo, pansi pa mtengo wa mango, pamene mwini wake ankalankhula ndi makaniko.

M'chaka cha 1994 akatswiri awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, anafotokoza kuti amayi ambiri amamwalira pa uchembere chifukwa cha kuchedwa kwa mitundu itatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira thandizo atafika kale. A zaumoyo amaphunzitsabe zimenezi mpaka lero. Kuchedwa koyamba kuja timakukamba kawirikawiri pa wailesi. Lero tikambirane kwachiwiri, chifukwa ife a m'boma la Maravia kumatipweteka kwambiri. Misewu yathu yambiri ndi yafumbi, ndipo dzinja imasanduka matope. Kukafika ku Fingoè ndi ntchito, ndiye akakutumizani kuchipatala chachikulu cha mumzinda wa Tete ulendo wake ndi wa maola ambiri. Ena amawoloka malire kupita ku St Francis ku Katete kapena ku Nyanje, koma nakonso munthu sapita wapansi atanyamula wodwala.

Batire latsopano limene silinathandize

Ndiyambe ndi kulakwa kwanga komwe, kuti musaganize kuti ndikulalikira ena okha.

Amalume anga ali ndi Hilux ya dizilo, yakale ndithu. Dzinja lina inayamba kuvuta kulira m'mawa, mpaka ana kumaikankha. Popeza iwo anali otanganidwa kumunda, ananditenga ine ndi mnyamata woyendetsa kuti tipite nayo kwa makaniko. Titafika ndinangoti, "A mestre, amalume akuti batire latha, mutiikire lina." Makaniko uja anafunsa, "Palibenso china?" Ine, "Palibe."

Chikhalirecho china chinalipo. Kwa sabata yathunthu kanyali kofiira kokhala ndi chithunzi cha batire kankaphethira galimoto ikuyenda, ndipo m'mawa uliwonse kutsogolo kunkamveka kulira kwa "kwiii" kwa kanthawi. Zonsezi ndinaziona ndi kuzimva. Koma mumtima ndinkati kanyaliko kakungovomereza zimene tikudziwa kale, kuti batire latha. Anatiikira latsopano, galimoto inalira kamodzin'kamodzi, tinalipira ndalama zambiri n'kubwerera okondwa.

Patapita masiku anayi, usiku mvula ikugwa, nthawi yochira ya alamu athu inakwana. Tinanyamuka nyali zili ngwee. Tili pakati pa tchire nyalizo zinayamba kufiira ngati koloboyi wotha mafuta, kenaka zinazima, injini nayo n'kuzima. Tinakhala pamenepo nthawi yaitali, alamu akubuula kumbuyo, azakhali akuwafunditsa chitenje chonyowa. Anatipulumutsa ndi mnyamata wina wa njinga yamoto amene anawakweza pakati, azakhali kumbuyo akuwagwirira. Mulungu anatichitira chifundo, mayi ndi mwana ali moyo. Koma mukanamva zimene anamwino ananena za nthawi imene tinafikira, simukanaseka.

Vuto linali lamba. Lamba wozunguza alitaneta, kachipangizo kamene kamabwezera moto m'batire galimoto ikamayenda, anali atatha ndi kukhwepa, moti ankangoterereka. Batire lakale lija mwina linalibe mlandu uliwonse. Latsopanolo linangotipatsa moto umene linabwera nawo, utatha basi. Mtengo wa lambayo unali wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa batire.

Amalume atapita kukakalipa, makaniko anawayankha modekha kuti, "Achimwene, mphwanuyu anabwera kudzagula batire, sanabwere kudzakonzetsa galimoto." Ine ndimaona kuti nayenso anali ndi mbali yake. Kuyeza ngati alitaneta ikugwira ntchito kumatenga mphindi imodzi yokha ndi kamita kakang'ono: batire labwino limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndipo ikalira nambalayo imayenera kukwera kufika cha pa 14. Akanayeza akanaligwira vutolo. Komabe amene anamutseka pakamwa ndine.

Nenani zimene mwaona, dzina la matenda musiyireni iye

Mukapita kuchipatala n'kunena kuti, "Ndili ndi malungo, ndipatseni Coartem," namwino wodziwa ntchito savomera. Amakufunsani kuti thupi linayamba liti kutentha, mukusanza kapena ayi, mutu ukupweteka motani, kenaka amakubayani chala n'kuyeza magazi. Amatero chifukwa si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo. Kwa makaniko n'chimodzimodzi, kungoti wodwala wake salankhula. Pakamwa pa galimoto ndinu. Makaniko amaiona kwa ola limodzi itaima, pamene inu mwakhala nayo miyezi ikuyenda. Zimene mukudziwa inuyo iye sangazipeze ndi sipanala.

Choncho musanene kuti "sitata yafa" kapena "pampu yatha" pokhapokha ngati mwatsegula n'kuona ndi maso. Nenani zimene zikuchitika. Ndipo mawu akuti "ikuvuta" kapena "sikuyenda bwino" ali ngati kuuza dokotala kuti "m'thupimu simuli bwino." Sathandiza.

Taonani mmene mawu ochepa amasinthira zinthu. Mukanena kuti galimoto sikulira, makaniko afuna adziwe chimene chimachitika mukapotoza kiyi. Ngati kumangomveka "tche tche tche" injini osazungulira, maganizo ake apita ku batire, ku mitu ya batire imene yachita dzimbiri, kapena ku sitata. Ngati injini ikuzungulira bwinobwino koma osagwira moto, imeneyo ndi nkhani ina, ayang'ana kumafuta. Matenda awiri osiyana, koma tonse timangoti "yakana kulira."

Phokoso nalonso lili ndi chilankhulo chake. Musachite manyazi kuliyerekeza ndi pakamwa, ngakhale anyamata a pagalaja aseke. Kulira kwa "wuuu" kumene kumakula liwiro likamakwera, n'kumasintha mukamakhota, kawirikawiri kumachokera ku bering'i ya tayala. "Gudu gudu" womveka pa mabampu okha amaloza ku mashoko ndi timipira ta pansi. Chitsulo chikamakhulana ndi chitsulo chinzake mukaponda mabuleki, ndiye kuti mapadi atheratu. Injini ikamalira kwambiri pachitunda koma galimoto osakoka, kwinaku kukumveka fungo la chinthu chopserera, makaniko aganizira kilachi. Sindikukuuzani izi kuti mukhale amakaniko. Ndikufuna muone chifukwa chake munthuyu amafunsa mafunso ooneka ngati otopetsa: Linayamba liti? Limamveka kutsogolo kapena kumbuyo, kumanja kapena kumanzere? Injini ikazizira kapena ikatentha? Mutanyamula katundu kapena yopanda kanthu? Pokwera kapena potsetsereka? Yankho lililonse limamuchotsera malo amodzi oti asavutike kumasula, ndipo malo aliwonse amene samasula ndi ndalama yanu imene yatsala m'thumba.

Utsi uyang'aneni mtundu wake. Wabuluu umasonyeza kuti injini ikuwotcha oyilo. Wakuda bii umasonyeza kuti mafuta akuchuluka kuposa mpweya, ndipo m'misewu yathu yafumbiyi nthawi zambiri imakhala sefa ya mpweya imene yatsekeka. Woyera wochuluka umene sukutha ngakhale injini itatentha, makamaka ngati madzi akumachepa mu radiyeta, ndi wofunika kuunena msanga, chifukwa mwina madzi akulowa mu injini. Ngati pansi pakudontha kanthu, yalani katoni usiku, m'mawa muitenge mupite nayo. Makaniko akaona mtundu wa dontholo, kulinunkhiza ndi kudziwa malo amene linagwera, theka la ntchito latha.

Za tinyali ta patsogolo pa woyendetsa, phunzirani pa ine. Nenani kamene kanayaka, mtundu wake ndi nthawi imene kamayaka. Kofiira kokhala ngati kaketulo kodontha ndi ka oyilo. Kameneko kakayaka mukuyenda, imani ndi kuzimitsa injini pomwepo, osati "tikafike kaye pamsika." Mphindi zochepa zokha injini ikhoza kuuma n'kufa.

Masiku ano tili ndi mwayi umene makolo athu analibe. Chiyambireni Movitel m'chaka cha 2012 mafoni afika m'midzi yambiri. Galimoto ili ndi khalidwe la mwana wodwala amene amayamba kusewera akangofika pachipatala: phokoso limene lakusautsani sabata yonse limasowa mukafika pagalaja. Lijambuleni pafoni pamene likumveka. Jambulaninso kanyali kaja kali chiyakire.

Musabise

Achipatala amadandaula kuti odwala ena amabisa zoti anayamba amwa mankhwala azitsamba kapena mapiritsi ogula pamsika. Amakaniko nawonso dandaulo lawo ndi lomwelo. Munthu amabwera nkhope ili yosalakwa n'kunena kuti "yangozima yokha," pamene dzulo lake anaiwolotsa mtsinje wodzaza.

Ngati munalowa nayo m'madzi, nenani. Injini ikamwa madzi n'kuzima, kuiliza mokakamiza kumapinda zitsulo za m'kati, chifukwa madzi sapanikizika ngati mpweya. Makaniko akadziwa, amayamba wachotsa madziwo asanayese kuiliza. Akapanda kudziwa, aipotoza kiyi ndi dzanja lake n'kuiphera pamaso panu. Ngati munathira mafuta a m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, nenani. Tonse timagula amenewo, popeza pampu ili kutali, ndipo si onse ogulitsa amene ali osakhulupirika, koma m'zigubu mumalowa madzi ndi zinyalala. Ngati inatentha mpaka kutulutsa nthunzi inu n'kupitirizabe ulendo, nenani. Ngati mlamu wanu anayamba wamasulako ndi kulumikiza mawaya mwanzeru zake, nenaninso, ngakhale mlamuyo ali pomwepo.

Chimene sindifuna kuti mubise ngakhale pang'ono ndi cha mabuleki. Alipo madalaivala amene mafuta a mabuleki akatha panjira amathiramo oyilo wa injini, ena madzi a sopo. Oyilo amatupitsa ndi kuwononga timipira ta m'kati, ndipo madzi amawira mabuleki akatentha, phazi n'kungolowa mpaka pansi. Ngati munachitapo zimenezi kuti mufike kunyumba, uzani makaniko kuti atsuke zonse ndi kusintha timipirato. Mafuta oyenera amalembedwa pachivundikiro cha kabotolo kake, DOT 3 kapena DOT 4. Manyazi a mphindi imodzi sangafanane ndi galimoto yodzaza anthu imene yakana kuima potsetsereka.

Travão kapena buleki?

Ife a m'malire tili ndi vuto lina limene anzathu a kutali alibe. Makaniko amene anaphunzira ntchito ku Tete amatchula zipangizo m'Chipwitikizi, pamene amene anaphunzira ku Katete, ku Petauke kapena ku Chipata amazitchula mochokera ku Chingerezi. Wina akuti travão, wina akuti buleki. Wina embraiagem, wina kilachi. Correia ndi lamba, rolamento ndi bering'i, amortecedor ndi shoko, vela ndi pulagi. Nonse mukulankhula Chinyanja chimodzi, koma pofika pa dzina la chitsulo mumasiyana, ndipo aliyense amagwedeza mutu ngati wamva. Musagwedeze mutu. Nenani kuti, "A mestre, tandilozerani ndi chala." Safunsa anadya phula.

Mawu awiri oopsa kwambiri ndi gasóleo ndi gasolina. Gasóleo ndi dizilo, gasolina ndi petulo. Mukatuma mwana kapena mlendo wochokera ku Zambia, mawuwa amamveka ngati amodzi. Zikachitika kuti mwathira olakwika, musalize injini. Itanani makaniko akhuthule thanki. Mukailiza, mafuta olakwikawo amafika ku pampu, ndipo ndalama zake zimakhala zina.

Pogula masipeya, dzina lakuti Hilux palokha silikwanira. Ma Hilux ali ndi injini zosiyanasiyana, monga 2L, 3L, 5L ndi 2KD, ndipo nthawi zina chipangizo cha imodzi sichilowa pa inzake. Nambala ya chassis ili pa livrete ya galimoto yanu komanso pa kachitsulo kokhomedwa pafupi ndi injini. Ijambuleni, mutumize kwa amene akukakugulirani ku Tete kapena kutsidya. Chabwino koposa n'kumupatsira chakale chomwecho kuti akayerekeze m'sitolo. Ndaonapo galimoto itakhala pamiyala masabata atatu chifukwa chipangizo chinabwera cholakwika kawiri, ndipo nthawi yonseyo mudzi unalibe chonyamulira odwala.

Za ndalama, kambiranani sipanala isanagwire

Mikangano yambiri ya pagalaja imayamba ndi mawu okoma akuti "tidzaona mukamaliza." Pewani mawu amenewa, ngakhale makanikoyo ndi mnansi wanu. Akapeza vuto, mufunseni akuuzeni padera mtengo wa zipangizo ndi mtengo wa ntchito ya manja ake. Mugwirizanenso kuti akapeza vuto lina m'kati, ayambe wakuimbirani asanagule kanthu.

Tchulani ndalama yake. Kuno timagwira meticais ndi makwacha omwe, ndipo "faivi handiredi" ya uku si ya uko. Kumbukiraninso kuti Mozambique inachotsa maziro atatu pa ndalama yake mu 2006, ndipo Zambia inachita chimodzimodzi mu 2013. Mpaka lero alipo akuluakulu amene amati "miliyoni imodzi" akutanthauza 1,000 meticais. Lembani nambala papepala kapena pafoni, nonse muione. Mukalipira pa M-Pesa kapena e-Mola, uthenga wake musaufufute.

Funsani ngati chipangizo akuikacho ndi chatsopano kapena chochotsa pa galimoto ina. Chakale si choipa nthawi zonse. Chitseko, galasi kapena nyali za pa galimoto yakufa zimagwira ntchito bwinobwino. Koma pa mabuleki, pa chiwongolero ndi pa matayala, ine sindingakulangizeni kuti mufune zotchipa. Ndipo zimene wachotsa akupatseni. Makaniko wokhulupirika sakwiya nazo, amachita kukuonetsani yekha pamene panadyeka.

Tonse tikudziwa kuti ndalama kuno imabwera ndi nyengo. Mu Januwale munthu sangakonzetse zonse. Ndiye m'malo mongoti "ndilibe ndalama, ingopangani kuti iyende," muuzeni zoona zake: "Ndili ndi zakutizakuti. Pa zimene mwapezazi, n'chiti chimene sichingadikire, n'chiti chingafike pokolola? Nanga chodikiracho chikafika poipa ndidzachidziwa bwanji?" Kenaka onjezani mawu amene ambiri amaiwala: "Galimoto iyi imanyamula odwala usiku." Mawu amenewa amasintha mayankho. Galimoto yongotuta manyowa masana pafupi ndi mudzi ikhoza kuyenda ndi nyali imodzi ndi tayala lopuma lophwa. Yopita ku Fingoè pakati pa usiku mvula ikugwa singatero. Makaniko akadziwa ntchito yeniyeni ya galimotoyo amayang'ananso nyali, zopukutira galasi, jeke ndi tayala lopuma, zimene simunamutume.

Ulemu, ndi mbali yake ya makaniko

Ena timafika pagalaja ngati tafika pa mbava. Moni osapereka, nkhope yokwinya, kuyambira pomwepo kunena kuti "inu amakaniko mumaba." N'zoona kuti achinyengo alipo. Mudzawadziwa: safunsa funso ngakhale limodzi, amangoyamba kumasula, mukafunsa amakalipa, ndipo pomaliza pamatsala mabawuti pansi iwo n'kumati "amenewa ndi osafunika." Wotero musabwerereko. Koma ambiri ndi anthu amene akugwira ntchito yolemetsa ndi zida zochepa, pansi pa mtengo, masipeya ali kutali. Mupatseni moni monga mmisiri, mumutchule a mestre kapena achimwene monga mwa msinkhu wake, mumufotokozere, kenaka mumupatse mpata. Kuyang'ana ntchito n'kololedwa, ndipo mumaphunzirapo. Kumuimirira pakhosi n'kumamuuza bawuti yoti amasule ndiye ayi.

Makaniko akanena kuti "ichi sindingathe, pitani nayo ku Tete," musamunyoze. Galimoto zatsopanozi, monga za injini ya D-4D, zili ndi kompyuta m'kati ndipo matenda ena amaoneka ndi makina oyezera okha. Amene wavomera kuti zamukanika ali ngati namwino wa pachipatala chaching'ono amene amakulemberani kalata yopita kuchipatala chachikulu. Woopsa ndi amene amati amatha zonse.

Ngongole yake muzibweza. Ndikunena izi chifukwa tsiku lina mudzamuimbira 2 koloko usiku muli pakati pa tchire ndi wodwala, ndipo adzayang'ana dzina lanu pafoni n'kukumbukira. Ntchito ikapanda kuyenda bwino, bwererani msanga, mukamuuze iye mwini pambali, osati kukalengeza pamowa. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza patsogolo. M'dera lathu amakaniko ndi owerengeka.

Musanachoke pagalaja, yendani nayo limodzi ndi iye. Osati pabwalo posalala, koma pamalo ofanana ndi pamene vuto limaonekera: pachitunda, pa mabampu, potsetsereka. Pondani mabuleki mwamphamvu kamodzi kapena kawiri. Yatsani nyali zonse. Mufunseni kuti, "Mwasintha chiyani, ndipo ndibwerenso liti?"

Khadi la kusikelo la galimoto

Mwana aliyense ali ndi khadi la kusikelo limene limanena katemera amene analandira ndi tsiku lobwereranso. Galimoto ndi njinga yamoto zimafunanso lake. Kope la ana asukulu ndi lokwanira. Lembani tsiku, makilomita, chimene chasinthidwa, amene wasintha ndi mtengo wake. Pa galimoto zakale za dizilo zoyenda m'fumbi, amisiri ambiri amalangiza kusintha oyilo pa makilomita 5,000 alionse, koma ndani angakumbukire pamtima? Kopeli limathandizanso mukafera kutali n'kukumana ndi makaniko wachilendo. Ngati njinga kapena galimoto ndi ya gulu, ya mpingo kapena ya komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, kopeli limathetsa ndi kukayikirana komwe.

Nzeru imeneyi si yanga. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Barry ndi Andrea Coleman pamodzi ndi katswiri wa mpikisano wa njinga zamoto Randy Mamola anaona kuti m'maiko a mu Africa njinga ndi galimoto zambiri za achipatala zinkangokhala zakufa kuseri kwa zipatala, zina zisanayende n'komwe mtunda wautali, chifukwa chosowa chisamaliro chaching'ono. Anayambitsa bungwe la Riders for Health, limene linagwira ntchito m'maiko monga Lesotho, Zimbabwe, Zambia ndi Malawi. Njira yawo inali yapafupi: woyendetsa aziyang'ana mafuta, oyilo, tcheni, mabawuti, mabuleki ndi matayala m'mawa uliwonse, ndipo makaniko aziiona pa nthawi yoikika, kusintha chipangizo chisanathyoke. Kunena kwina, sikelo ndi katemera, osati kudikira kuti mwana akomoke.

Inu anyamata a njinga zamoto, nkhani yonseyi ndi yanunso. Musamangoti "ikudya mafuta" kapena "yafooka." Nenani ngati tcheni ikudumpha, ngati gudumu lakumbuyo likuvina, ngati buleki yakutsogolo munaimasula kalekale. Pogula tayala, la njinga kapena la galimoto, yang'anani manambala anayi otsiriza pambuyo pa zilembo za DOT m'mbali mwake. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala likhoza kuoneka la mano abwino koma lili lokalamba ndi long'aluka m'mbali.

Popeza ino ndi kalata ya zaumoyo, ndisasiye kutchula ngozi za pagalaja pomwepo. Musatsegule chivundikiro cha radiyeta injini ili yotentha, madzi ake amathovokera kumaso. Musalowe pansi pa galimoto imene yangokhala pa jeke popanda chitsa kapena china cholimba chochirikiza. Madzi a m'batire ndi asidi. Akagwera m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenaka thamangirani kuchipatala. Kupopa petulo ndi pakamwa n'koopsa. Wina akameza, musamusanzitse, chifukwa akalowa m'mapapo ndiye amavulaza kwambiri. Mutengereni kuchipatala. Ndipo oyilo wakuda kapena mafuta a mabuleki si mankhwala a chilonda kapena chipere, ngakhale anene ndani.

Inu amayi ndi abambo amene mulibe galimoto, musaganize kuti mwatsala kunja. Ngati m'nyumba mwanu muli woyembekezera, mwezi wachisanu ndi chitatu usanathe pitani kwa mwini galimoto kapena njinga imene mukuidalira. Mufunseni mwaulemu kuti inapita liti kwa makaniko, nyali zikuyaka, tayala lopuma lilipo, mafuta amasunga. Mutenge nambala yake ndi ya wina wachiwiri. Ngati mayankho ake sakukukhutiritsani, kapena mwezi wochira ukugwera pakati pa dzinja, funsani anamwino za nyumba yodikirira amayi oyembekezera, imene pa Chipwitikizi amati casa de espera, kuti mayiyo akadikirire pafupi ndi chipatala mitsinje isanadzaze.

Hilux ya amalume ilipobe. Mwezi wa Okutobala uliwonse, mvula isanagwe, timapita nayo kwa makaniko yemwe uja ngakhale isakudwala, ndipo amene amafotokoza ndine, kope lili m'manja. Kuseri kwa mpando kumakhala lamba watsopano wokulunga m'pepala, tochi, ndi masipanala awiri, 12 ndi 14, amene a mestre anationetsa pogwira pake.